Mwana wanga adzatsitsimuka, kapena akundibisira?

FUNSO: Zikomo adokotala. Ndine mayi wa ku Senga Bay, ndimagulitsa usipa wouma pa Kamuzu Road. Mwana wanga wamwamuna wazaka 23 amachita kabaza wa njinga yamoto. Lachiwiri anawombana ndi galimoto, chipewa atachikoleka pahandulo. Anamutumiza ku Lilongwe ndipo lero ndi tsiku lachinayi ali m'chipinda cha odwala mwakayakaya, akupumira makina. Ndikafunsa amandiyankha kuti "GCS yake ndi 7, tidikire." Dzulo nditamugwira dzanja anandifinya. Kodi adzatsitsimuka, kapena pali zimene akundibisira? Ine mayi wa ku Senga Bay.

YANKHO: Pepani kwambiri mayi. Ndisanapume pantchito n'kubwerera kwathu kuno ku Nkhotakota, ndinagwira zaka zambiri m'chipinda ngati chimenecho, ndipo mawu oti "tidikire" ndawanenapo kwa magadiyani osawerengeka. Sindikukhulupirira kuti akukubisirani. Tsiku lachinayi, ngakhale katswiri wa ubongo sangalumbire.

Tiyambe ndi 7 wakusowetsani tuloyo. GCS ndi muyezo wa kukula kwa chikomokere umene madokotala awiri a ku Glasgow ku Scotland, Graham Teasdale ndi Bryan Jennett, anakonza mu 1974. Timayang'ana ngati wodwala akutsegula maso, ngati akuyankhula, ndi mmene akusunthira thupi tikamuuza kapena tikamutsina. Inu ndi ine tili pa 15. Munthu amene sakuchita kalikonse ali pa 3. Kuyambira 8 kutsika m'munsi ndiye kuti ubongo wavulala kwambiri, choncho sindikunamizani kuti mwanayo wangokomoka pang'ono. Komatu munthu wapamakina amakhala atapatsidwa mankhwala omugoneka, ndipo paipi ili kukhosi sangayankhule. Afunseni kuti 7 ameneyu anamupeza liti: asanamugoneke, kapena mankhwala ali m'thupi? Nambala ya tsiku limodzi sindiikhulupirira kwenikweni. Ndimafuna kuona ngati ikukwera kapena kutsika.

Mudzaonanso namwino akumutsegula chikope n'kuwalitsa katochi. Akuyang'ana kamwana ka diso. Kakachepa kuwala kukafika, maso onse awiri, mtima wanga unkakhala pansi. Koma tonse tiwiri tikangokhala totambasuka osasintha, nkhani imakhala yoipa, chifukwa nthawi zambiri ndiye kuti ubongo watupa mpaka kupanikiza tsinde lake, lomwe limayendetsa kupuma. Afunseni mosaopa mmene maso ake akuchitira akawalitsa katochi.

Msinkhu uli kumbali yanu. Ubongo wa mnyamata wazaka 23 umapirira kuposa wa munthu amene wapitirira zaka 40. Sikani ya CT, chithunzi cha m'kati mwa mutu, nayo imanena zake. Magazi oundana pakati pa chigaza ndi chikuta cha ubongo, akawachotsa msanga, munthu amatha kuchira bwino lomwe. Pomwe wina chithunzi chimaoneka ngati chabwino, koma timitsempha ta m'kati tinaduka mutu utagwedezeka mwamphamvu, ndipo amachedwa kudzuka. China chimene anthu saganizira ndi ulendo wochoka pamalo angozi. Ngati BP inatsika kapena mpweya unachepa pa makilomita pafupifupi 100 ochoka ku Salima kukafika ku Lilongwe, ubongo umavulala kachiwiri.

Zinthu ngati zimenezi akatswiri anaziphatikiza n'kupanga masamu olosera. Odziwika kwambiri ndi a CRASH, omwe anatuluka mu 2008 kuchokera pa odwala pafupifupi 10,000 a m'mayiko osiyanasiyana, kuphatikizapo osauka. Amaonetsa kuti mwa anthu 100 ovulala chimodzimodzi, ndi angati amakhala ali bwino pakatha miyezi isanu ndi umodzi. Koma sanena kuti mwana wanu ali gulu liti. Ndinaonapo amene tinkamuwerengera maola akutuluka ndi miyendo yake, ndinaonanso amene tinkamudalira akutisiya usiku.

Za kufinya dzanja, ndikupempheni musandide. Dzanja la munthu wokomoka limatha kudzifumbata lokha mukaika chala m'chikhatho, monga amachitira khanda. Chimene ife timasangalala nacho ndi kumvera. Namwino ali pomwepo, muitaneni dzina limene mumamutchula kunyumba, mumuuze kuti, "Iwe, tasiya dzanja langa," kapena "Taonetsa zala ziwiri." Akachita, n'kubwerezanso, tsiku limenelo mukhoza kuimbira foni abale.

Akatsitsimuka musayembekeze zoti angodzuka n'kupempha nsima ndi chambo. Amayamba ndi kutsegula maso osakuzindikirani, kenako kuvuta, kuzula mapaipi, mwina kutukwana kumene. Musalole anthu akuuzeni kuti wapenga kapena am'lodza, ndi njira imene ubongo wovulala umadzera. Kusintha kwakukulu kumaoneka m'miyezi isanu ndi umodzi yoyambirira, koma ena amapitirira kuchira kwa chaka ndi kuposerapo, makamaka akamachita mafizo. Ena amatsala ndi kuiwalaiwala, kupsa mtima msanga kapena khunyu, ndipo ena sabwereranso pa njinga.

Gulani kope la ana asukulu. Madokotala akamaliza kuyendera odwala m'mawa, muzilemba GCS ya tsikulo, za maso, ndi ngati achepetsa mankhwala ogoneka. Pakatha sabata mundilemberenso, tidzaonere limodzi manambalawo. Usipawo ayambe akuyang'anirani achemwali anu.