Anaba mtembo kapena ankangolota? Kuyankha m'bale wa ku Moatize

Ndalandira imelo kuchokera kwa m'bale wina, kwawo ndi ku Domwe koma pano ali pa ntchito ku migodi ya malasha ku Moatize. Akuti anzake pa nkhomaliro amusokoneza mutu, wina akuti ophunzira anaba mtembo wa Yesu, wina akuti Yesu sanafe anangokomoka, winanso akuti anthuwo ankangoona zinthu chifukwa cha chisoni. Ndiye akufunsa kuti "ndiziwayankha chani poti nanenso zayamba kundilowa?"

Achimwene musachite manyazi, mafunso amenewa si a dzulo ayi. Nkhani yakuba mtembo ili kale pa Mateyu 28:11-15, akulu a ansembe anapatsa asilikali ndalama kuti azikanena choncho. Koma taonani, wonena kuti mtembo unabedwa ndiye kuti wavomera kale kuti mmandamo munalibe munthu. Komanso munthu amanama kuti apezepo kenakake, nanga ophunzirawa anapezapo chani? Zikoti ndi ndende basi.

Zokomokazo sindichedwapo. Anazitchukitsa Heinrich Paulus wa ku Germany kumayambiriro a zaka za m'ma 1800, koma David Strauss yemwe naye sankakhulupirira zakuuka anazikana, poti munthu wotuluka mmanda chokwawa ali mabala okhaokha akufuna mankhwala sangachititse anzake kumutcha wogonjetsa imfa. Ngakhale Tacitus, Mroma yemwe ankadana ndi akhristu, analemba kuti Khristu anaphedwa mu ulamuliro wa Pontiyo Pilato.

Yachitatuyi, yoona zinthu chifukwa cha chisoni, ndi imene ndimaipatsa ulemu chifukwa ili ndi mphamvu ndithu. Ernest Renan, wolemba mabuku wa ku France, mu 1863 anati zonse zinayambira pa chikondi cha Mariya wa ku Magadala, Gerd Lüdemann, katswiri wa Baibulo wa ku Germany, mu 1994 anati Petro anaona masomphenya chifukwa mtima unkamutsutsa atamukana Ambuye. Ndipo nzoona anamfedwa amaona zinthu, ife a ku Angónia palibe angatiphunzitse zimenezo. Ndani sanamvepo agogo akunena mmawa kuti malemu anandibwerera kutulo, anali atavala zakutizakuti, akudandaula kuti tawaiwala? Koma zikatero chimachitika nchani, achibale amakhala pansi nkukambirana, ena amafulula mowa wa chikumbutso, ena amakauza abusa kapena bambo mfumu kuti apemphere, koma sindinamvepo banja likuthamanga mmudzi monse kulengeza kuti bambo aja auka, manda awo ndi apululu. Kulota malemu kumangotsimikiza kuti munthuyo anapitadi, ali kumizimu. Ayuda nawonso ankadziwa kusiyanitsa zimenezi, pa Luka 24:37 ophunzira poyamba anayesa kuti akuona mzimu mpaka Yesu anapempha chakudya nkudya nsomba yootcha iwo akuona. Chimene ankadikira ndi kuuka kwa anthu onse pa tsiku lomaliza ngati mmene Marita ananenera pa Yohane 11:24, osati munthu mmodzi kuuka yekha dziko likupitirira, ndiye maganizo amenewo akanawatenga kuti?

Chinanso chisoni sichingafotokoze za Paulo. Iyeyu sankalira maliro a Yesu, ankasaka akhristu nkumawamanga. Kalata yake yoyamba kwa Akorinto analemba cha mma chaka cha 55, patangopita zaka pafupifupi 25 Yesu ataphedwa, ndipo pa mutu 15 akuti nkhani yakuukayi nayenso anachita kulandira kwa ena, akutchula amene anamuona Yesu atauka: Kefa (Petro), khumi ndi awiri aja, abale oposa 500 nthawi imodzi ambiri a iwo akadali moyo, kenako Yakobo. Yakobo ameneyu ndi m'bale wake wa Yesu, ndipo Yohane 7:5 akuti abale akewo sankamukhulupirira, koma anadzakhala mtsogoleri wa mpingo ku Yerusalemu ndipo Josephus, Myuda wolemba mbiri, analemba kuti anaweruzidwa kuponyedwa miyala mu chaka cha 62. Inuyo chingakupangitseni nchani kuti muzimutcha Ambuye munthu amene munakulira naye nyumba imodzi?

Anzanuwo adzakuuzaninso kuti Mauthenga Abwino sagwirizana pa nambala ya azimayi ndi angelo kumanda kuja. Musakane, ndi zoona, Marko akutchula mnyamata mmodzi wovala zoyera pomwe Luka akuti amuna awiri. Koma onse anayi akuyamba ndi azimayi, pa nthawi yomwe umboni wa mzimayi unkapeputsidwa, moti Celsus, wolemba wotsutsa chikhristu, cha mma chaka cha 178 anaseka akhristu pa nkhani yomweyi. Anthu opangana bodza akanayambira pa Petro, ndipo akanakonza kuti manambala afanane.