Funsani Dokotala: Amuna anga sakugona chifukwa cha kubetcha mpira

Adokotala, amuna anga sakugona, mutu sukuwasiya ndipo akuti usiku mtima umathamanga. Akumwa Panado ndi timapilisi togonetsa togula pamsika. Zinayamba atalowerera kubetcha mpira pafoni. Iwo amati mpira amaudziwa, tsiku lina adzabweza zonse. Kodi boma silingangoletsa zimenezi?
Mayi wa ana atatu, Ndirande

Mayi, mwalemba za mutu ndi tulo, koma ndikuona kuti chikukudyani moyo ndi ndalama. Kaya ndi fizi ya ana, kaya za banki m'khonde, kaya akatapila ayamba kale kugogoda, simunanene. Mutuwo ndi mthenga chabe.

Juga yosaletseka ndi matenda. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linaiika m'gulu limodzi ndi kulowerera mowa ndi mankhwala ozunguza bongo. Ubongo umatulutsa dopamine, timadzi topatsa chisangalalo ndi chilakolako, pamene munthu akudikira zotsatira, asanawine n'komwe, ndiye ngakhale woluza amabwererako.

Tsono za "mpira ndimaudziwa". Ayi ndithu. Tiyerekeze kuti bambowo ndi katswiri, amalosera molondola masewero 7 mwa 10 alionse. Akaika masewero 10 pa tikiti imodzi, mwayi woti onse alowe ndi pafupifupi 3 pa 100. Matikiti 97 apsa, pomwe iwo ndi katswiri! Kampani nayo inachotseratu phindu lake pa mitengo yomwe imaika. Choipitsitsa ndi chija amati "timu imodzi yokha ndiyo yandidulira tikiti". Kuphonya pang'onoko ubongo umakumva ngati watsala pang'ono kuwina, chonsecho ndalama yapita yonse. Katswiri wa mpira wa ku England Ivan Toney analetsedwa kusewera miyezi 8 mu 2023, wa ku Italy Sandro Tonali miyezi 10 chaka chomwecho, onse chifukwa cha kubetcha, ndipo onse anapezeka kuti analowerera juga. Ngati anthu omenya mpira weniweniwo inawakola, amuna anu akudziwa chiyani choposa iwo? Ndalama yoluza sibwezedwa ndi kubetcha. Kuithamangira ndi chizindikiro chenicheni cha matendawa.

Za boma, kuno kuli bungwe la MAGLA loyang'anira juga, ndipo osakwana zaka 18 saloledwa. Britain inaletsa kubetcha ndi makhadi a ngongole mu 2020, Italy inakhazikitsa lamulo loletsa kutsatsa juga mu 2018. Ine ndingakonde kutsatsaku kutachepa kuno, makamaka pa nthawi ya mpira pomwe ana ali tcheru. Koma lamulo siligoneka amuna anu mwezi uno.

Apa ndikudzudzuleni pang'ono. Mapilisi ogonetsa a pamsika mwawalekerera bwanji? Ambiri mwa iwo amazolowereka msanga, ndipo akakumana ndi mowa amatha kufooketsa kupuma. Panado wa tsiku ndi tsiku nayenso amatha kuyambitsa mutu wosatha, ndipo akachuluka amawononga chiwindi. Ngati akhala akumwa ogonetsawo masabata angapo, asasiye mwadzidzidzi. Tengani kapepala kake mukaonetse kuchipatala.

Pitani nawo sabata ino. Akayezedwe BP ndi mtima, koma musakangonena za mutu n'kubwerako ndi Panado wina. Mukatchule mawu oti juga, ndipo mukapemphe kuonana ndi a matenda a maganizo. Ku Queens alipo, kulinso Zomba Mental Hospital, ndi St John of God ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Kupita kumeneko si misala. Chithandizo chake chachikulu ndi uphungu wobwerezabwereza, ndipo akaonanso ngati pali matenda a nkhawa kapena kukhumudwa ofunika mankhwala.

Pakali pano gwirizanani kuti malipiro ndi nambala yachinsinsi ya Airtel Money kapena Mpamba zikhale m'manja mwanu, ndipo app yobetcherayo ichoke mufoni. Ngongole zawo musamabweze mobisa, mumangowatsegulira njira ina. Itanani ankhoswe amve.

Muwafunsenso mosapita m'mbali ngati anaganizapo zodzipha. Kufunsa sikuika maganizowo mwa munthu. Akavomera, kapena akayamba zonena zoti ana mudzawasamale, musawasiye okha, bisani mapilisi ndi mankhwala a mbewu, ndipo mupite nawo kuchipatala tsiku lomwelo.