Siwichi yachiwiri ya SAN ikuyaka bwino koma madisiki akusowa

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati muli ndi masiwichi awiri, seva iliyonse ili ndi makhadi awiri a 10 gigabit, storeji ndi ya makontrola awiri, zonse pa iSCSI (njira yomwe seva imafikira madisiki a storeji kudzera pa netiweki, yomwe ndiyo SAN yanuyo). Nyali ndi zobiriwira, ping (kauthenga koyesera ngati mbali inayo ikuyankha) ikudutsa, koma mukazimitsa siwichi A madisiki amasowa, ndipo pa njira zinayi za multipath (njira zingapo zofikira disiki imodzi) ziwiri zikulembedwa failed. Ndiye kuti mbali B sinagwirepo ntchito chiyambire, A ndiyo imaibisira manyazi.

Ine ndikukayikira MTU, kukula kwa paketi yaikulu kwambiri yomwe ingadutse, m'mabayiti. Ping wamba musaikhulupirire, imatumiza kanthu kochepa kwambiri, mabayiti 56 pa Linux, 32 pa Windows, ndipo kameneko kamadutsa paliponse. Ngati seva ndi storeji munaziika pa 9000 koma siwichi B idakali pa 1500 ya kufakitale, zimachitika motere: seva imalowa bwinobwino pa poti 3260 ya iSCSI chifukwa mauthenga olonjerana ndi aang'ono. Awiriwo amagwirizana okha kuti azitumizirana mapaketi aakulu, osaifunsa siwichi. Deta yeniyeni ikayamba kuyenda, siwichi imangotaya mapaketiwo mwakachetechete, osauza aliyense. Njira imaoneka yamoyo kamphindi, kenako n'kugwa.

Yesani kuchokera pa khadi la mbali B kupita ku poti ya storeji ya mbali yomweyo. Pa Linux lembani ping -M do -s 8972, pa Windows ping -f -l 8972, pa ESXi ya VMware vmkping -d -s 8972, n'kutsatira IP ya storejiyo. Nambala ya 8972 si yongopeka, ndi 9000 kuchotsapo 20 ya mutu wa IP ndi 8 ya ICMP, yomwe ping imayendera. Ikakanika pomwe ya 1472 (yokwana mu MTU ya 1500) ikudutsa, mbava mwaigwira. Pa siwichi ikani 9216 ngati ikulola, kuti pakhale mpata. Ena, monga ma Catalyst 3750 akale a Cisco, safuna kumva mpaka muwazimitse n'kuyatsanso. Ndipo sungani zomwe mwasinthazo. Ine ndinachezerapo usiku wonse kukonza zomwezi, patatha masabata awiri magetsi atathima siwichi inadzuka ili pa 1500, chifukwa chongoiwala kusunga.

Chachiwiri chomwe simunanene: makhadi awiriwo ali pa subnet imodzi (gulu limodzi la ma IP)? Ngati ndi choncho, seva ikhoza kumatulutsa zonse pa khadi limodzi, inu n'kumaganiza kuti njira zilipo ziwiri. Linux imathanso kuyankha ARP (funso lofufuza khadi lomwe lili ndi IP inayake) ya khadi B kudzera pa khadi A. Mmene ndimakondera ine, mbali A ikhale ndi subnet ndi VLAN (chigawo chapadera cha netiweki mkati mwa siwichi) yake, mbali B yakenso, popanda gateway, ndipo pakati pa masiwichiwo pasakhale chingwe. Mbali ziwiri zosadziwana sizipatsirana matenda. Komabe onani kaye buku la storeji yanu, chifukwa zilipo zina, monga EqualLogic, zomwe zinapangidwa kuti zikhale pa subnet imodzi ndi masiwichi olumikizana. Kontrola iliyonse ikhale ndi chingwe ku A ndi china ku B. Anthu ambiri amaponya kontrola yoyamba yonse pa A, yachiwiri yonse pa B, ndiye siwichi ikafa imapita ndi kontrola yake.

Wina pamwambapa wati mumange makhadiwo ndi LACP, yomwe imaphatikiza zingwe zingapo kuti zigwire ntchito ngati chimodzi. Pa iSCSI ayi ndithu. LACP imaika kulumikizana kumodzi pa chingwe chimodzi basi, komanso siyenda pa masiwichi awiri osiyana pokhapokha akhale stack kapena MLAG (masiwichi awiri ogwira ntchito ngati imodzi). Ntchito yosankha njira isiyireni MPIO, multipath ija.

Onaninso spanning tree (STP), yomwe imaletsa deta kumangozungulira pakati pa masiwichi. Poti yomwe sinaikidwe ngati edge (poti yosalumikiza siwichi ina), kapena portfast pa Cisco, pa STP yakale ya 802.1D imakhala masekondi 30 ikumvetsera ndi kuphunzira isanayambe kudutsitsa kanthu. Kwa munthu wotsegula imelo si nkhani, koma disiki yodikira kulemba imatopa msanga. Mapoti onse opita ku seva ndi ku storeji akhale edge.

Za zingwe sindichedwapo chifukwa nyali zikuyaka, koma yang'anani ma CRC error (mapaketi ofika owonongeka) pa mapoti a B. Akamakwera, pukutani mutu wa faibala kapena sinthani SFP (kachipangizo kolowetsamo faibala pa poti), ndipo tsimikizani kuti SR (ya mtunda waufupi) ikuyang'anana ndi SR, osati LR (ya mtunda wautali). Musaiwalenso kuti storeji zina zimafuna kuti IP kapena IQN (dzina la pa iSCSI) ya seva iloledwe pa mapoti onse, osati a mbali A okha.

Mukakonza, musayese ndi maso. Yambani kukopera fayilo yaikulu, ikuyenda choncho zulani chingwe cha A, muone ngati ikungodzandira pang'ono n'kupitiriza. Bwezerani, dikirani njira zonse zinayi zibwerere, kenako zulani cha B. Pomaliza zimitsani siwichi yathunthu, koma chitani izi storejiyo isanasenze deta ya anthu.

Tiponyereni pano zomwe yatulutsa ping ya 8972 ija, ndi multipath -ll, kapena mpclaim -s -d ngati ndi Windows, mutiuzenso mtundu wa masiwichiwo.