File Explorer ikudya RAM ndikangotsegula foda ya makanema: ndigule RAM ina kapena ndifomate?

Ndalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena a ku Zomba omwe amajambula makanema pa maukwati, pa zinkhoswe ndi pa makwaya a kutchalitchi. Malonje ndadula, funso lawo ndi ili:

"Laputopu yanga ili ndi Windows 10 ndi RAM ya 8 GB. Ndikalumikiza external (disiki yakunja) n'kutsegula foda yomwe ndimasungamo makanema a makasitomala, kamzere kobiriwira ka pamwamba kaja kamangokwawa osafika kumapeto, fani imayamba kulira, ndipo pa Task Manager memory imakwera mpaka kutsala pang'ono kudzaza. Sindinatsegule ngakhale vidiyo imodzi, ndikungoyang'ana basi. Ndikatseka fodayo memory sitsika mpaka nditazimitsa laputopu. Mnyamata wokonza makompyuta kuno akuti ndiwonjezere RAM, apo ayi aifomate. Ndichite chiti?"

Achimwene, pa ziwirizo musachite chilichonse kaye. Mawu amene andikoka m'kalata yanu ndi akuti memory sitsika ngakhale mutatseka foda. RAM, yomwe ndi memory imene kompyuta imasungamo zomwe ikugwira pa nthawiyo, ikakhala yongochepa, kompyuta imalemedwa pa nthawi ya ntchito, ntchito ikatha imapepukidwa. Yanuyi ikutenga osabweza, ndipo zikatero nthawi zambiri pamakhala fayilo imodzi yowonongeka, kapena kapulogalamu kena kamene kanadzilowetsa mu Explorer n'kumagwira ntchito molakwika. Kuwonjezera RAM pamenepo kuli ngati kugula mgolo waukulu pomwe vuto ndi mpopi wosatseka: uchedwa kudzaza, koma madzi atayikabe.

Inu mukuti mukungoyang'ana, koma kwa kompyuta kuyang'anako ndi ntchito yolemera. Kuti Windows ikuonetseni kachithunzi kamene kamakhala pa vidiyo iliyonse, ka thumbnail kaja, iyenera kutsegula fayiloyo, kuwerenga mndandanda wa zomwe zili m'kati, kudumphira penapake, kumasula chithunzi chimodzi pogwiritsa ntchito codec (kapulogalamu komasulira vidiyo), kuchichepetsa, kenako kuchisunga. Chithunzi chimodzi cha 1080p chili ndi timadontho 1920 kuchulukitsa ndi 1080, tomwe ndi toposa 2 miliyoni, ndipo chikamasulidwa chonse chimatenga pafupifupi 8 MB. Cha 4K, 3840 ndi 2160, chimafika pafupifupi 33 MB. Komanso mavidiyo a masiku ano sasunga chithunzi chilichonse chathunthu. Zambiri zimangosunga kusiyana kwake ndi zinzake, choncho kuti codec itulutse chimodzi imafunika kugwira zingapo nthawi imodzi. Muchulukitse zimenezo ndi foda ya ukwati umodzi, kuyambira kosambitsa mkwatibwi mpaka perekaniperekani. Memory kukwera kwa mphindi zingapo pamenepo si matenda. Matenda ndi kukwera kosatsika.

Ndiye choyamba tidziwe amene akudya. Musanatsegule foda ija, dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi kuti Task Manager, yomwe imaonetsa mapulogalamu amene akugwira ntchito, ibwere, pitani pa Details, ndipo dinani pamutu pa Memory kuti odya kwambiri akwere pamwamba. Tsopano tsegulani fodayo, maso ali pa mayina atatu: explorer.exe, dllhost.exe ndi prevhost.exe.

Dllhost.exe ndi amene pa tsamba la Processes amalembedwa kuti COM Surrogate. Anthu ambiri akaliona dzinali amati ndi vayirasi, koma ayi. Explorer amamutuma ntchito yopanga ma thumbnail dala, kuti codec ikagwa igwe naye iyeyo, osati Explorer yense ndi taskbar yomwe. Ngati mtima sukukhazikika, dinani dzinalo ndi batani lakumanja n'kusankha Open file location. Weniweni amakhala mu C:\Windows\System32 kapena SysWOW64. Akakhala kwina, makamaka mu AppData, imeneyo ndi nkhani ina, ndipo kwa munthu amene mafulashi a makasitomala amalowa n'kutuluka tsiku lililonse, n'koyenera kuonetsetsa. Prevhost.exe ndi wa Preview pane, kambali kakumanja komwe kamaonetsa fayilo yomwe mwasankha. Kameneka mumakatseka ndi Alt ndi P. Akakhala kuti wotupa ndi explorer.exe mwini, ganizirani kwambiri za timapulogalamu tachilendo tomwe ndikambe pansipa.

Pa tsamba la Performance, pansi pa Memory, muona mawu akuti In use, Available ndi Cached. Cached isakuopseni ngakhale itakula bwanji. Windows imasunga mu RAM zomwe yawerenga kumene pa disiki, ndipo pulogalamu ina ikafuna malowo imawapereka pompo. Yoyang'anira ndi In use.

Mukamudziwa wakudyayo, yesani izi. Mu Explorer pitani pa View, Options, kenako pa View ya m'kabokosi kamene katuluke, chongani Always show icons, never thumbnails. Pa Windows 11, Options ili pa timadontho titatu pamwamba. Bwererani pa Task Manager, pa Processes, pezani Windows Explorer, batani lakumanja, Restart. Chenjezo limodzi: musapange Restart imeneyi mafayilo akukopedwa, chifukwa kukopako kuthera pomwepo ndipo mutsala ndi vidiyo yatheka, yomwe mawa idzakhale gwero la vuto lomweli. Tsegulaninso foda. Ngati tsopano yatseguka bwinobwino ndipo memory ili phee, mwatsimikiza kuti nkhani ili pa ma thumbnail. Ena amalekera pomwepa, n'kumakhala opanda tizithunzi mpaka kalekale. Kwa inu sindingalangize zimenezo. Kamera imatcha mafayilo mayina ngati 00012.MTS ndi C0047.MP4, ndipo kusaka pomwe ankhoswe ankalankhula popanda tizithunzi n'kutaya tsiku.

Choncho tisake fayilo yolakwa. Bwezerani ma thumbnail, dinani Windows ndi R, lembani resmon. Mu Resource Monitor pitani pa CPU, chongani dllhost.exe, kenako tambasulani Associated Handles. Pamenepo pamaoneka mafayilo onse amene iye wagwira. Mukaona dzina la vidiyo imodzi litakhazikika pamenepo kwa mphindi zambiri osasintha, pomwe memory ikukwerabe, wapezeka. Tsamba la Disk limathandizanso chifukwa limaonetsa fayilo imene ikuwerengedwa nthawi imeneyo. Zikakanika, njira yake ndi yogawa: zimitsaninso ma thumbnail, samutsirani theka la mafayilo mu foda ina pa external yomweyo, yatsani ma thumbnail, onani foda imene ikudwala, igaweninso pakati. Ngakhale mafayilo atakhala 200, simugawa kopitirira kasanu n'katatu.

Fayiloyo imawonongeka bwanji? Apa ndi pomwe ntchito yanu ikukhudzidwa kwambiri. Vidiyo ya MP4 kapena MOV ili ndi kachigawo kotchedwa moov, komwe ndi mndandanda wouza pulogalamu kuti chithunzi chakuti chili pakuti, mawu akuti ali pakuti. Makamera ndi mafoni ambiri amalemba kachigawoka kumapeto, mukadina kuti kujambula kuime. Batire likathera pakati pa kujambula, kapena wina akazula memory card kamera isanamalize kulemba, mumatsala ndi fayilo ya magigabayiti angapo yopanda mndandanda. Kukula kwake kumaoneka bwino, dzina lili bwino, koma m'kati mulibe chosonyeza njira. Codec yolembedwa bwino imangoti sindingathe, n'kusiya. Yolembedwa mwachisawawa imatha kulimbana nayo, kusakasaka m'fayilo monse, memory ikutupa. Zofanana nazo zimachitika magetsi akathima mukukopa pa desktop yopanda UPS (batire losunga magetsi), kapena chingwe cha external chikagwedezeka.

Njira ina yomwe mafayilo amafera ndi ma memory card ndi mafulashi achinyengo. Pachikuto palembedwa 128 GB, kompyuta nayo imawerenga 128 GB, koma m'kati muli malo ochepa kwambiri. Mukadutsa malire enieniwo, mafayilo amaonekabe pa mndandanda koma zomwe zili m'kati ndi zinyalala. Pali kapulogalamu kaulere ka H2testw komwe kamalemba khadi lonse n'kuwerenganso kuti kaone ngati malowo alipodi. Khadi latsopano lililonse lidutse pamenepo lisanapite ku ukwati wa munthu. Kumbukiraninso kuti fulashi yofomatidwa mu FAT32 silandira fayilo yofika 4 GB.

Mukaipeza fayilo yowonongekayo musaifufute. Iyeseni pa pleya ya VLC, komanso pa MediaInfo, yoonetsa tsatanetsatane wa vidiyo, kuti muone ngati ikuonetsa kutalika kwake. Ngati muli ndi pulogalamu ya FFmpeg, ffprobe yomwe imabwera nayo ikuuzani mosabisa kuti moov atom not found. Pali pulogalamu yotchedwa untrunc yomwe imayesa kumanganso mndandandawo potengera vidiyo ina yabwino yojambulidwa ndi kamera yomweyo, pa ma setting omwewo. Siitheka nthawi zonse, koma ngati m'fayilomo ndi momwe muli kuvekana mphete, muyesa ndithu. Pakadali pano isinthe dzina kuti kumapeto kukhale .bak m'malo mwa .mp4, Explorer asiya kuigwiragwira.

Nanga ngati palibe fayilo imodzi, koma foda iliyonse ya mavidiyo ikuchita chimodzimodzi? Pamenepo ndimakayikira ma codec pack, mitolo ya ma codec ambiri oikidwa pamodzi. Okonza makompyuta athu akafomata amakonda kuthiramo mapulogalamu onse a pa fulashi yawo: pleya iyi, pleya iyo, converter, codec pack yakalekale, pamwamba pake inanso. Zina mwa izi zimadzilembetsa kuti ndizo zizipanga ma thumbnail kapena kuwerenga tsatanetsatane wa mavidiyo, ndiye zimalimbirana fayilo imodzi. N'chifukwa chake kufomata kumene akukuuzani kungathe kuchiza vutoli kwa tsiku limodzi lokha, mpaka fulashi ija ilowenso.

Pitani pa Apps mu Settings, chotsani codec pack iliyonse ndi ma converter amene simuwagwiritsa ntchito. VLC siidalira ma codec a Windows, imabwera ndi ake, choncho mavidiyo anu aziseweredwabe. Zikapitirira, tengani ShellExView ya NirSoft, yaulere komanso yaing'ono. Pa Options sankhani kubisa zonse za Microsoft, ndipo zotsalazo muziyang'ane mtundu wake: Thumbnail Handler, Preview Handler ndi Property Handler. Zimitsani zonse zamitundu itatuyi, pangani Restart ya Explorer, yesani foda. Ikachira, ziyatseni imodziimodzi mpaka matenda abwerere. Palibe chimene chimafufutika pochita izi, mukungozimitsa. Mukafuna ma thumbnail a mitundu imene Windows imaikana, ikani chinthu chimodzi chokha, monga Icaros, osati zitatu.

Zina ziwiri ndi zachangu. Windows imasunga tizithunzi tonse mu mafayilo a thumbcache, mu AppData\Local\Microsoft\Windows\Explorer, ndipo nawonso amatha kuwonongeka. Tsegulani Disk Cleanup, chongani Thumbnails, fufutani. Ulendo woyamba foda ichedwa chifukwa ikupanga tatsopano, musadabwe. Chinacho: dinani fodayo ndi batani lakumanja, Properties, Customize, ndipo pa Optimize this folder for sankhani General items, n'kuchonga kuti zigwirenso ntchito pa mafoda a m'kati. Foda ikakhala pa Videos, Explorer amafuna kudziwa kutalika kwa vidiyo iliyonse, ndipo kuti adziwe ayenera kutsegula iliyonse. Kamzere kobiriwira kosafika kaja nthawi zambiri kamakhala kakudikira zimenezi. Ndipo ukwati uliwonse ukhale ndi foda yakeyake. Chizolowezi chothira chaka chonse malo amodzi chimapweteka ngakhale kompyuta yamphamvu.

Pali kanthu kenanso ngati makasitomala amakutumizirani mavidiyo a pa iPhone kuti muphatikize. Kuyambira pa iOS 11 mu 2017, ma iPhone amajambula mu HEVC, mtundu wa vidiyo wosunga malo, pokhapokha mwini atasintha pa Settings, Camera, Formats n'kusankha Most Compatible. Pa makompyuta ambiri a Windows 10, HEVC imafuna kuti muike HEVC Video Extensions ya pa Microsoft Store. Komanso ma purosesa a Intel anayamba kumasula HEVC mokwanira pa hardware kuyambira pa m'badwo wachisanu ndi chimodzi, mu 2015. Laputopu yakaunjika ikakhala yakale kuposa pamenepo, ntchito yambiri imagwera CPU, purosesa ija. Kulira kwa fani yanu mwina kukuchokera apa, ngakhale kuti izi pazokha sizifotokoza memory yosatsika.

Tsopano za RAM. Kodi 8 GB ndi yokwana kwa munthu wokonza makanema? Pa kutsegula foda, inde, n'kutsalako. Pa editing ya 1080p imakoka movutikira, pa 4K ndi yochepa, ndipo 16 GB mudzaimva kusiyana kwake mu Premiere kapena DaVinci Resolve. Choncho kugula si kulakwa, kungoti mugule chifukwa cha editing, mutathana kaye ndi vuto la Explorer. Musanapereke ndalama onani pa Task Manager, Performance, Memory: pansi pamalembedwa Slots used ndi Speed. Pakalembedwa 2 of 2 ndiye kuti malo odzaza, muyenera kuchotsa ina kuti muike yaikulu. Funsaninso ngati laputopu yanu imadya DDR3L kapena DDR4, chifukwa ziwirizi sizilowerana. Ndipo ngati Windows yanu ikadali pa hard disk yozungulira, ndalama yomweyo ndikanayamba nayo SSD, disiki yosazungulira komanso yachangu.

Popeza muli pa Windows 10, dziwaninso kuti Microsoft inasiya kuithandiza mwa nthawi zonse pa 14 October 2025. Kusamukira ku Windows 11 ndi nkhani yoti muiganizire, koma musayembekezere kuti ichiza izi. Fayilo yopanda moov ndi codec pack yakale zimasamuka nanu limodzi. Mukayesa, ndilembereninso mundiuze dzina lomwe linakwera pamwamba pa Details ndi fayilo imene Resource Monitor inakuonetsani, komanso kuti inachokera pa kamera iti.