Makina otsekula kutsogolo sanawonongeke, ndi mmene amachapira

Achemwali, mwati makina anu atsopano ochapira zovala otsekula kutsogolo akuchedwa kwambiri komanso madzi sakuoneka mkati, ndiye mukuganiza kuti anakugulitsani owonongeka. Ayi ndithu, ali bwinobwino. Ife tinazolowera otsekula pamwamba aja oti madzi amadzaza zovala n'kumasambira, koma awa amangonyowetsa zovala kenako n'kumazikweza n'kuzigwetsa ngati mmene timamenyera pamwala kumtsinje, nchifukwa chake madzi amamwa ochepa koma nthawi ndiye amadya, mukasankha pamene palembedwa cotton, mpaka maola 2 kapena kupitirira. Zovala zosada kwenikweni ingoikani pa quick wash.

Ine chinandigwetsa ndi sopo. Ndinathira wa ufa wochapira pamanja uja, eee thovu linachita kusefukira pa kabati ka sopo mpaka pansi ponse, ndinakolopa mpaka msana kuwawa. Gulani wolembedwa Auto ndipo muzithira pang'ono chabe.

Chitseko chimadzikhoma akangoyamba, magetsi akathima pakati musachikoke mwamphamvu, mungathyole chogwirira, dikirani kaye. Mukamaliza kuchapa chisiyeni chotsekula ndipo labala wa pakhomopo muzimupukuta, m'kati mwa mapinda ake mumatsalira madzi ndi makobidi, mukapanda kutero zovala zimayamba kununkha chinyontho. Kasefa kali pansi kutsogoloko muzikatsuka mwezi ndi mwezi, koma tcherani mbale kaye chifukwa madzi amatuluka.

Kodi mabawuti a kumbuyo aja, ogwira mgolo wa mkati kuti usagwedezeke ponyamula makinawo, anawachotsa pobweretsa? Ngati akadalipo makina amavina pa spin, pamene akuzungulira mwamphamvu pofinya zovala, mpaka kusuntha pamalo.