Funsani Amalume: Abwana akuti tigumule shedi ya mankhwala ku Kanengo m'masabata awiri

Amalume moni. Ine ndine foromani wa anyamata a zomangamanga, ndimakhala ku Area 25. Abwana anga agula shedi yakale ku Kanengo, akufuna tiigumule amangepo ina yochititsa lendi nde atipatsa masabata awiri basi. Mlonda wakale wa pamalopo akuti poyamba ankasungamo mankhwala a mbewu ndi a fodya, kenako kunabwera ena amene ankaphwanyiramo mabatire a galimoto. Mkatimo muli migolo ngati 30 ina yadzimbiri ikudontha, matumba oti zolemba zinafufutika, timabotolo tachitsulo tokhala ndi mapilisi otuwa, simenti ya pansi ili mawangamawanga achikasu ndi akuda. Kuseli kuli kathiransifoma kakale, denga ndi la malata a simenti aja. Lolemba tinangolowa kukasesa, mnyamata wanga mmodzi anayamba chizungulire, thukuta kamukamu, malovu kumangotuluka, tinamupatsa mkaka nkumuuza akagone. Abwana akuti ndi njala chabe, tithire madzi fungo lithe tipitirize, njerwa ndi malata tigulitse tigawane. Ndalamazo ndikuzifuna amalume, fizi ya ana ikundidikira. Nditani?

Foromani wodandaula, Area 25

Mphwanga, ikani kaye magaziniyi pansi mumuimbire mnyamata uja. Ngati sanapite ku chipatala apite lero lomwe ku Central, olo akunena kuti ali bwino. Njala siitulutsa malovu. Malovu, thukuta, kamwana ka diso kuchepa ngati kadontho, m'mimba kupota, izo ndi zizindikiro za mankhwala a tizilombo a gulu la organophosphate kaya abale ake a temeki uja mukumudziwa, ndipo choopsa nchakuti munthu amatha kuoneka wachira kenako pakapita tsiku limodzi mpaka 4 minofu yopumira nkufooka. Ku chipatala ali ndi jakisoni wa atropine wolimbana ndi poizoni ameneyu. Mkaka suchotsa poizoni, nkhani imeneyo tinangotengera kwa agogo. Ngati pa foni muli ndi chithunzi cha zolemba za pa mgolo akawaonetse adokotala, koma asabwerere mkatimo kukajambula ayi. Zovala anavala tsikulo azimange mu jumbo, mayi akunyumba asazichapire limodzi ndi za ana.

Tsopano za madzizo. Apa ndiye abwana anu atsala pang'ono kukuphetsani nonse. Mapilisi otuwa a m'timabotolo tachitsulo aja, mmene mwafotokozeramu, akufanana ndi aja amafukizira chimanga ndi fodya m'mashedi, aluminium phosphide. Pilisi limenelo likangokhudzana ndi chinyezi limatulutsa mpweya wa phosphine, umanunkha ngati adyo kaya nsomba yowola, umapha munthu m'chipinda chotseka ndipo ukachuluka umatha kuyaka wokha. Nde inu mubwere ndi paipi kumapopera madzi mmenemo? Komanso madziwo akatsuka mawanga a pansi aja sathera pompo, atsetsereka mu ngalande, alowa m'dothi, ndipo kumunsi kwa Kanengo kuli anthu, ku Mgona uko ambiri akadali kumwa za pa chitsime. Fungo likatha sikuti poizoni watha, mwangomusamutsira kwa ena.

Chimene anthu ambiri sachimvetsa nchakuti pa nyumba ngati imeneyi kugumula ndi ntchito yomaliza, ndipo ndi yophweka kuposa zonse. Khoma kuligwetsa ndi tsiku limodzi. Vuto ndi zimene khomalo linamwa. Simenti timaiona ngati mwala koma imamwa ngati siponji, mankhwala akadontherapo zaka 10 kaya 20 amalowa mkati, amadutsa m'ming'alu mpaka dothi la pansi. Njerwa zowotcha ndiye usanene. Chikomekome cha mkuyu mphwanga, kunja shedi yooneka bwino yoti munthu nkuwerengera kale ndalama za njerwa.

Ndinaonapo ndi maso anga kwathu kuno, chaka china tipa inabwera kudzakhuthula zogumula za ku fakitale ina pa msewu wathu, eti kutithandiza kukwirira maenje. Tinaombera m'manja. Mvula yoyamba itagwa madzi a m'zithaphwi anasanduka achikasu ngati munthu wathiramo utoto, abakha a neba amene anamwamo anafa tsiku lomwelo, ndipo ana anali ataumba kale timagalimoto tadothi pomwepo. Mpaka lero sitidziwa munali chani. Zogumula zanuzo mukagulitsa zikathera kotero, kapena mu maziko a nyumba ya munthu, mwana azidzakwawa pamenepo.

Za mabatire zija zikundidetsa nkhawa kuposa fungolo, chifukwa mtovu sununkha. Malo amene ankaphwanyirapo mabatire fumbi lake limadzaza mtovu, ndipo mtovu suwola, ukhala m'dothi mpaka adzukulu. Wamkulu umamupweteka impso ndi kukweza BP, koma mwana umamuononga ubongo, amangokula wovutika m'kalasi anthu nkumati ndi waulesi. A WHO amanena kuti palibe mulingo wa mtovu m'magazi umene tinganene kuti uwu ndiye ulibe vuto. Funsani anzathu a ku Zambia, ku Kabwe mgodi wa mtovu unatsekedwa 1994 koma ana obadwa zaka zambiri pambuyo pake akupezekabe ndi mtovu wambiri m'magazi chifukwa chosewera pa fumbi. Inu mukasesa mouma fumbilo mulitengera kunyumba pa ovolo ndi m'tsitsi, mwana nkukuthamangirani kudzakukumbatirani pa geti.

Malata a simenti akale aja ambiri ndi a asibesito. Akakhala osasweka padenga alibe phokoso, koma mukawaponya pansi, kuwaswa ndi hamala kaya kudula ndi girayinda amatulutsa timaulusi tosaoneka timene timakakamira m'mapapo, matenda ake kuphatikizapo khansa amadzaonekera patapita zaka 20, 30 mpaka 40, nthawi imeneyo abwana anu adzakhala atakuiwalani ndi dzina lomwe. Amenewo amamasula limodzilimodzi, atanyowetsa pang'ono, kutsitsa ndi manja, kukulunga mu pulasitiki wokhuthala. Mwaona? Madzi ali ndi nthawi yake, pa denga ndi pa fumbi la zogumula inde, koma mankhwala onse atachoka kaye. Ndipo sagulitsidwa kwa munthu wofolera khola kapena kitchini.

Kathiransifoma musakabowole. Mafuta a mathiransifoma akale ena ali ndi PCB, amodzi mwa mankhwala osawola amene mayiko anagwirizana ku Stockholm mu 2001 kuti athetsedwe pamodzi ndi dieldrin, aldrin ndi ena, ndipo Malawi ali nawo m'panganolo. Ndikudziwa a sikirapu azungulira kale pa geti akufuna kopa wa mkatimo, mafutawo adzangowakhuthulira pansi kapena akathera kokazingira chipisi monga timamvera mphekesera, ine chipisi cha mafuta osada sindidya.

Nde muchite chani. Tsekani chitseko, mangani tepi kaya chingwe kuzungulira, mlonda asagonemo komanso asaphikiremo. Muwauze abwana kuti ntchitoyi ikufunika apite kaye ku MEPA, bungwe loona za chilengedwe limene linabwera ndi lamulo la 2017 la Environment Management Act, iwowo ndi amene amapereka chilolezo cha zinyalala zoopsa ndipo angawauze makampani ovomerezeka. Za mankhwala a mbewu otha ntchito kuli Pesticides Control Board. Kugumula kwenikweniko kumafunanso chilolezo cha khonsolo ya mzinda. Akatswiri akabwera amayamba ndi kalembera, mgolo uliwonse nambala yake, muli chani, wochuluka bwanji, zosadziwika amatenga masampulo kupita nawo ku labu. Sasakaniza, asidi wa mabatire payekha, mapilisi paokha pouma, mgolo wodontha amaulowetsa wonse mu wina waukulu wabwino. Kenako amabowola simenti ndi dothi malo angapo, pamwamba ndi pansi, mpaka kunja kumene madzi amalowera, kuti adziwe poizoni anafika pati. Lipoti limenelo ndi limene limanena kuti simenti iyi ipalidwe pamwamba pokha, iyi ichoke yonse, dothi likumbidwe kufika apa, njerwa za khoma ili zilibe kanthu mutha kugwiritsa ntchito. Mwina mbali ina ya shediyo ndi yabwinobwino, koma amene anganene ndi labu, osati mphuno ya abwana.

Zoopsazo sizipita ku mtaya wa ku Area 38, komanso siziwotchedwa kuseli ndi matayala, moto wamba umangozisandutsa utsi woopsa kuposa poyamba. Mankhwala osawola aja amafuna ng'anjo zapadera zotentha kupitirira madigiri 1,100, nchifukwa chake mayiko ambiri a kuno amachita kuwatumiza kunja ndi mapepala a pangano la Basel la 1989 loona za kutumiza zinyalala zoopsa ku mayiko ena. Nzodula, sindikubisirani, ndipo masabata awiri sangakwane olo pang'ono, muwerengere miyezi. Ku Bhopal ku India ngozi ya fakitale ya mankhwala a tizilombo inachitika 1984, koma matani 337 a zinyalala zake anachotsedwa pamalopo mu Januwale 2025, patatha zaka 40. Shedi yanu si Bhopal ayi, ndangofuna muone mmene zinthuzi zimakakamirira.

Abwana akalira za ndalama, ndipo alira, muwauze kuti amene anawagulitsa malowo ali ndi mbali yake, akaonane ndi loya aone zimene anasainirana, pajatu wowononga ndi amene amayenera kulipira. Muwakumbutsenso kuti lamulo la 1997 la chitetezo cha anthu pa ntchito limaika udindo pa olemba ntchito, mnyamata akafera mmenemo mlandu sudzakhala wa njala. Inunso dzitetezeni, zimene mwaona muwalembere pa WhatsApp zikhale zolembedwa, chifukwa zikavuta mawu oyamba adzakhala akuti foromani ndi amene analowetsa anthu. Akakubweretserani timamasiki ta nsalu ta nthawi ya Covid tija mukane, sititchinga mpweya wa mankhwala. Za fizi ndakumvani, nanenso ndine kholo. Apempheni akupatseni kaye ntchito ya mpanda kapena saiti ina, gawo lanu logumula lidzakupezani akatswiri akamaliza.

Amalume, ndinagula mgolo wa pulasitiki wabuluu kwa anyamata ena akuti wachokera ku Kanengo, ndinautsuka katatu ndi sopo wa ufa ndi phulusa koma madzi akagonamo amamveka kafungo ndipo pamwamba pamayandama timafuta. Ndiutsukenso ndi chani?

Mayi wa ana atatu, Mgona

Mayi, palibe sopo amene angauthe. Pulasitiki amamwa mankhwala nkumawatulutsa pang'onopang'ono, kafungo mukumvako ndi umboni. Lekani kumwa, kuphikira, kusambitsira ana ngakhale kuthirira ndiwo za kudimba. Madzi ali momowo musawatayire pafupi ndi chitsime kapena mu ngalande. Mgolowo ubowoleni pansi ndi m'mbali kuti wina asadzautole nkukasungiramo madzi kaya kuphikira thobwa, musauwotche, ndipo ngati chizindikiro chikuonekabe chijambuleni mukawaonetse alangizi a zaumoyo a kwanuko, muwauzenso kumene anyamatawo akuitenga chifukwa sanagulitse umodzi wokha. Ana akamadandaula mutu, kusanza kaya m'mimba, pitani nawo ku chipatala ndipo mukanene za mgolowo.