Kuika alongo anu pa lendi m'nyumba imene ikadali pa ngongole ya banki

Mayi wina amene amagwira ntchito ya unamwino kuno ku Johannesburg wanditumizira imelo yokhudza fulati yake ya zipinda ziwiri ku Randburg. Anaigula ndi ngongole ya banki, imene kuno timangoti bondi, ndi cholinga choti ndalama za lendi zizibweza ngongoleyo. Munthu amene amakhalamo akutuluka kumapeto kwa mwezi, ndipo mlongo wake wa mayiyu, amene akupanikizana ndi mkazi ndi mwana m'chipinda chimodzi ku Rosettenville, wapempha kuti alowemo pa mtengo wotsikirapo. Mayi awo kumudzi amva kale nkhaniyi ndipo aikapo mawu. Funso lake ndi lakuti, kodi malamulo amalola, ndipo kodi n'chinthu chanzeru?

Amayi, mbali yoyamba ya funso lanu ndi yosavuta. Palibe lamulo la South Africa loletsa mwini nyumba kuika m'bale wake pa lendi. Chofunika n'chakuti muwerengenso pangano lanu la bondi, chifukwa mapangano ambiri otere amakhala ndi ndime yofuna chilolezo cha banki nyumba isanaperekedwe kwa munthu wina, ndipo a body corporate, amene amayendetsa mdadada wa mafulatiwo, ayenera kudziwa amene akukhalamo.

Mbali yachiwiri ndiyo yolemera, ndipo ndikufuna tiione ndi manambala tisanaione ndi mtima. Banki sidziwa chibale. Tsiku lodula ndalama likafika imadula, kaya alongo anu alandira malipiro kaya ntchito yawathera. Ndiponso ndalama zimene imadulazo sizikhala chimodzimodzi, popeza mabondi ambiri amatsatira chiwongoladzanja choyambira cha mabanki chotchedwa prime, chimene chimakwera ndi kutsika malinga ndi zimene banki yaikulu ya dziko lino, South African Reserve Bank, yalamula. Mu July 2020 prime inatsika kufika pa 7 peresenti, koma pofika May 2023 inali pa 11.75 peresenti. Pa ngongole ya R800,000 yobweza pa zaka 20, zimenezi zikutanthauza kuchoka pa R6,200 kufika pafupifupi pa R8,670 pa mwezi. Munthu wachilendo mumamukwezera lendi pangano likatha, ndipo akakana mumapeza wina, koma taganizirani ngati pakamwa panu padzatseguke kuuza alongo anu kuti kuyambira mwezi wamawa awonjezere, pomwe mukudziwa kuti mwana wawo wangoyamba kumene sukulu.

Choncho khalani pansi muwonkhetse zonse zimene fulatiyo imadya pa mwezi: bondi, levi (ndalama za pamwezi zopita kwa a body corporate), msonkho wa malo wopita ku khonsolo ya mzinda, City of Johannesburg, ndi kena kake koika padera podikira tsiku limene giza yotenthetsera madzi idzaphulike. Kenako chotsanipo ndalama zimene alongo anu akunena kuti angakwanitse. Zotsalazo ndi thandizo limene inu mudzakhala mukupereka ku banja lawo mwezi ndi mwezi kuchokera m'thumba mwanu. Kuthandiza m'bale si kulakwa ngakhale pang'ono, ambirife tinaima pano chifukwa wina anatipatsa pogona titangotsika basi ku Park Station, koma thandizolo liyenera kudziwika kukula kwake, ndipo mbali zonse ziwiri zilitchule poyera. Likabisika, inu mudzaona ngati sakuyamika, iwo adzaona ngati mukuwadyera masuku pamutu, ndipo aliyense adzakhala ndi umboni wake wokauza akumudzi.

Ngati mwaona kuti mungathe, lembani pangano ndipo nonse musayine, monga momwe mukanachitira ndi munthu wosamudziwa. Lamulo la Rental Housing Act la 1999 limagwira ntchito pakati pa abale monga limachitira pakati pa anthu ena onse. Limati dipoziti isungidwe mu akaunti yobereka chiwongoladzanja ndipo chiwongoladzanjacho ndi cha wolipira lendi, limati muyendere limodzi nyumbayo asanalowe komanso potuluka n'kulemba zowonongeka, ndiponso limati mwini nyumba azipereka risiti. M'panganomo mulembe tsiku lolipira, nthawi imene lendi idzakwere ndi kuchuluka kwake, ndi chiwerengero cha anthu ololedwa kukhalamo. Mfundo yotsirizayi musaipeputse, chifukwa mbiri ikangofika kwathu yoti kuli nyumba ya pabanja ku Joni, asuweni ndi adzukulu ofuna ntchito adzayamba kufikira pomwepo, ndipo madandaulo a body corporate adzabwera kwa inu osati kwa iwo. Ndalama zizidutsa ku banki ndithu, osati zopatsirana pamanja mukakumana kutchalitchi. Ndingakonde kuti malume anu kapena munthu wina wamkulu wa pabanja aone panganolo ndi kulimva bwino, kuti tsiku lina mlandu ukadzabuka pakhale wina wokumbukira zimene munagwirizana.

Tsopano chinthu chimene ndikufuna muchimvetse koposa zonse. Munthu akalowa m'nyumba n'kukhala kwawo, kumutulutsa kuno si nkhani ya mawu a mwini nyumba. Ndime 26 ya Constitution ya dziko lino imati palibe amene angachotsedwe m'nyumba imene akukhala popanda chigamulo cha khothi, ndipo lamulo la 1998 lodziwika kuti PIE Act ndilo limafotokoza njira yake. Muyenera kuyamba mwathetsa pangano motsata ndondomeko, kenako kupita kukhothi, ndipo wokhalamoyo pamodzi ndi khonsolo ya mzinda ayenera kulandira chidziwitso masiku osachepera 14 mlandu usanamvedwe. Woweruza amaganiziranso za ana, okalamba ndi olumala amene ali m'nyumbamo. Kusintha maloko, kudula magetsi kapena kutulutsa katundu panja ndi kuphwanya lamulo, ndipo khothi likhoza kulamula kuti munthuyo abwezeretsedwe. Zonsezi zimatenga miyezi ndi ndalama za loya. Gauteng Rental Housing Tribunal imamva mikangano ya lendi kwaulere ndipo ingathandize pa nkhani ya ndalama zosalipidwa, koma mphamvu yotulutsa munthu ili ndi khothi. Dzifunseni moona mtima ngati mungakaime pamaso pa woweruza kutsutsana ndi mwana wa mayi anu. Ngati simungathe, ndipo ambiri sitingathe, ndiye kuti mukamapereka makiyi muyenera kukhala okonzeka kusenza bondiyo nokha kwa miyezi ingapo.

Mukalephera kusenza, banki idzakutumizirani kalata yokuchenjezani kuti mwatsalira kulipira, motsata ndime 129 ya lamulo la ngongole la National Credit Act, ndipo zikapitirira nyumba ikhoza kugulitsidwa kudzera kwa sherifu, amene amakwaniritsa zigamulo za khothi. Pamenepo pangano la alongo anu silingawateteze kwenikweni, popeza ufulu wa banki unalembetsedwa iwo asanalowe. Nonse mudzataya, inu nyumba ndi dzina labwino kumabanki, iwo pogona. Levi ndi mabilu a khonsolo nazonso zimatsata mwini nyumba, n'chifukwa chake mita ya magetsi ya prepaid ndi yabwino pa nyumba yotere.

Pali nkhaninso ya msonkho. Ndalama za lendi zimawerengedwa pa zimene mumapeza ndipo ziyenera kuonekera ku SARS, bungwe lotolera misonkho, ngakhale wolipirayo ndi m'bale. Mumaloledwa kuchotsapo chiwongoladzanja cha bondi, levi, msonkho wa malo ndi zokonzera zowonongeka, koma osati gawo lobweza ngongole yeniyeniyo. Mukatsitsa lendi dala chifukwa cha chibale n'kumaonetsa kuluza chaka ndi chaka, a SARS akhoza kukana kuti kuluzako kuchepetse msonkho wa pa malipiro anu. Ndime 20A ya Income Tax Act, imene imakhudza anthu a malipiro apamwamba, imatchula mwachindunji nyumba zokhalamo achibale. Ndipo popeza tikulankhula ngati anthu ochokera kunja, onetsetsani kuti mapepala a alongo anu ndi a alamu anu ali bwino, chifukwa ndime 42 ya Immigration Act ya 2002 imaletsa kupereka nyumba pa lendi kwa munthu wokhala m'dziko muno popanda chilolezo.

Maganizo anga ndi akuti muvomere pokhapokha ngati alongo anu ali pa ntchito yodalirika, avomera kusayina popanda kukhumudwa, ndipo inu muli ndi ndalama zosungira zokwana kulipira bondi ndi levi kwa miyezi itatu kapena inayi. Pangano loyamba likhale la chaka chimodzi. Ngati chimodzi mwa izi chikusowa, ikani munthu wachilendo pa mtengo wake weniweni, ndipo pa ndalama zanu muziwonjezera alongo anu kuti apeze malo okulirapo ku Rosettenville komweko kapena ku Turffontein, pa pangano la dzina lawo. Thandizo lotere mungathe kulichepetsa mwezi umene zinthu zakuvutani popanda kuika nyumba pachiswe, ndipo ndi losavuta kuwafotokozera mayi anu pafoni.